Mwana wa Napolo Kuseri kwa Chigayo

Kalekale, koma osati kale la makolo, pakuti magetsi analipo ndipo ankazima monga azimira lero, kunali mtsikana dzina lake Sungeni amene anasiya kuyankhula.

Mawu ake anapita ndi madzi. Chaka chimenecho mvula inagwa mpaka phiri linang'ambika. Madzi anatsika ndi miyala, natenga nyumba yawo, mbuzi zawo, ndi mlongo wake wamng'ono, Mayeso, amene Sungeni anamugwira dzanja mpaka dzanjalo linapulumuka. Makolo ake anatsala opanda pogona, choncho anamutumiza kwa azakhali ake kutauni. Kumeneko aliyense ankamumvera chisoni. Akafika pagulu, anthu ankatsitsa mawu ngati pamaliro. Palibe ankatchula mtsinje pamaso pake, ndipo mvula ankangoti “nyengo”.

Azakhaliwo anali mayi wabwino koma wotopa.

“Mwana wa achimwene,” anatero tsiku lina akupeta chimanga, “sukulu ikutsekulidwa mwezi ukubwerawu. Aphunzitsi akuti mwana wosavomera akaitanidwa sangamulembe. Ukapanda kutsegula pakamwapo, ndikakusiya ku esiteti kwa amalume ako, uzikasoka fodya. Fodya safuna mawu.”

Sungeni anamva, ndipo anayesa. Koma mawu ake anali pansi penipeni, ngati ndowa yogwera m'chitsime chingwe chitaduka.

Tsiku lina anamutuma kuchigayo. Anapeza magetsi atazima, matumba atandandalika pamzere, eni ake akuodzera pamthunzi. Iye anazungulira kuseri. Kumeneko fumbi la ufa linali litakuta chilichonse. Masamba a papaya anali oyera, ukonde wa kangaude woyera, ngakhale mphepo inkaoneka ngati yaviikidwa mu mkaka. Pakati pa kuyerako panali chitseko chakale chogonekedwa pa njerwa, ndipo anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, amsinkhu wake, anakhala mochizungulira.

Masewera awo analibe mpira kapena chingwe. Ankasimba nkhani imodzi onse pamodzi, kutsogolera mosinthana. M'nkhanimo aliyense anali chilombo chachinyamata chophunzira pa sukulu ya zilombo kutsidya kwa mtsinje, chovala yunifolomu, chobisa mchira, chokhala ndi zibwenzi ndi nsanje ngati ana ena onse. Wina akafuna kuchita chinthu chovuta, ankaponya zitsekerero zitatu za mabotolo pachitsekopo. Zikagwa chagada, ndiye kuti zatheka. Zikagwa chafufumimba, zakanika.

Yotamu, wamtali ndi wolongolola, anali fisi wa folomu thu amene ankachita manyazi ndi kuseka kwake. Fatsileni anali mzukwa wanzeru m'kalasi koma wopanda chithunzithunzi. Lekani, wofatsa, anali ndi chilombo chotchedwa Nyenyeswa, mnyamata wopangidwa ndi chiswe chokhachokha, amene ankamwazika akaona mtsikana womukonda. Lekani anayamba kumusewera Nyenyeswayo ali ku pulayimale.

Sungeni anamvetsera, ndipo chitseko chija chinasanduka bwalo la sukulu, ufa unasanduka nkhungu ya m'mawa. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe, ngakhale analibe chogayitsa.

“Iwe wokhala ngati thumba la madeya,” anatero Fatsileni, “sendera, usewere nafe.”

“Asewera chiyani?” anafunsa Yotamu. “Zilombo zonse zili ndi eni ake.”

“Tipanga china.”

Tsono lamulo lawo linali lakuti munthu sadzipangira yekha chilombo, monga khanda silidzitcha lokha dzina. Amamupangira anzake. Wina amapereka khungu, wina mphamvu, wina chifukwa chimene chilombocho chabwerera pasukulupo.

Yotamu anapereka khungu. Iye sankadziwa kumene Sungeni anachokera, ndipo sanafunse. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, “Ameneyu ali zii ngati dziwe lakuya. Akhale mwana wa Napolo, njoka ija imang'amba phiri ikamasamuka.” Fatsileni anamuponda phazi, koma pakamwa pa Yotamu panalibe chotsekera. Anapitiriza kuti tsitsi la mwanayo siliuma, desiki yake imadontha madzi, ndipo mkati mwa yunifolomu muli mamba onyezimira ngati mchenga wa mumtsinje. Sungeni anadzuka n'kuthawa. Koma ali m'njira anazindikira kuti chichokereni kwawo, aka kanali koyamba munthu kutchula chinthucho pamaso pake osatsitsa mawu. Mawa lake anabwera, nakhala pafupi ndi chitseko, natambasula dzanja kuti amupatse zitsekerero.

Fatsileni anapereka mphamvu. Iye ankadziwa zonse, chifukwa mayi ake ndi amene ankayeza chimanga pachigayopo, ndipo pasikelo palibe nkhani imadutsa osayezedwa. Anaganiza mozama, kenaka anati, “Chimene madzi atenga, mwana wa Napolo angathe kuchibweza. Koma mphamvu imeneyi siyendera zitsekerero. Ayenera kuchiitana chinthucho ndi dzina, mokweza, tonse timve.”

“Imeneyo ndi mphamvu kapena msampha?” anafunsa Yotamu.

“Zonse ziwiri. Khala chete, fisi iwe.”

Choncho Sungeni anayamba kusewera ndi mutu ndi zala. M'nkhanimo mtsinje unatenga nsapato ya fisi, unatenga belu la sukulu, unatenga ndi mchira wa mphunzitsi wamkulu. Nthawi iliyonse onse ankamucheukira, ndipo nthawi iliyonse mwana wa Napolo ankangoima pagombe, tsitsi likudontha.

Lekani sanapereke kanthu. Masiku anapita, anzake n'kumamunena kuti ndi woumira ngakhale pa zinthu za m'maloto. Iye ankangoti, “Sindinachipeze.” Sukulu inayandikira. Kunyumba, azakhali anachapa zovala za Sungeni n'kuzipinda m'chikwama cha paulendo.

Masana a tsiku limenelo inali nthawi ya Lekani yotsogolera nkhani. Anayamba motsitsa. Anati zilombo zinali kubwerera kusukulu, nkhungu itadzaza chigwa, mwezi utaiwala kulowa ngakhale kunja kunali kutacha. Nyenyeswa anali pambuyo, akuwoloka pa mlatho wa mitengo, ndipo mtengo umodzi unathyoka. Apa Lekani anayenera kuponya zitsekerero kuti aone ngati Nyenyeswa agwire chingwe. Sanaponye. Anaziika pachitseko ndi dzanja, chimodzichimodzi, zonse chafufumimba.

“Aise, wapenga?” anatero Yotamu. “Chilombo chikafa sichibwereranso.”

“Lamulolo ndinapanga ndine,” anayankha Lekani, osadzutsa mutu. “Nyenyeswa wagwera m'madzi. Chiswe sichisambira. Miyendo yamwazika kale, ikupita ngati mankhusu. Chifuwa chikusungunuka. Latsala dzanja limodzi pamwamba pa madzi, zala zikutseguka. Mwana wa Napolo ali pagombe, ndipo chimene anabwerera pasukulu ino n'chimenechi.”

Sungeni sanaonenso chitseko. Anaona madzi ofiira, ndi kadzanja. Nthawi yomweyo magetsi anayaka, chigayo chinabangula ngati phiri tsiku lija, ndipo ufa unatuluka pazenera n'kuwakuta onse. Chinthu chija chinali pansi pa chitsime chinayamba kukwera chokha.

“Mayeso,” anatero.

Anatchulanso kachiwiri, kenaka kachitatu, mokweza kuposa chigayo, mpaka amayi a pamzere anasuzumira kuseriko atagwira zitenje. Atatero Sungeni anagwetsa nkhope pachitseko nalira kulira kumene sanalire pamaliro.

Patapita nthawi Lekani anasonkhanitsa zitsekerero.

“Waitana dzina lina,” anatero. “Nyenyeswa wapita.”

“Tikhoza kunena kuti anakodwa mu bango,” anatero Fatsileni.

“Ayi. Wapita.” Anapukuta m'maso ndi mkono. “Ufa uwu umalowa paliponse.”

“Pepa,” anatero Sungeni. Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko cha nkhokwe chosatsegulidwa chaka chonse.

“Mwamva?” anatero Yotamu. “Wayankhulanso. Ameneyu pofika mawa atiposa tonse.”

Sungeni atafika kunyumba anapeza azakhali akusesa pakhonde. “Azakhali, ndabwera,” anatero. Mayiwo anakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja, n'kumuuza kuti abwereze. Atabwereza, azakhaliwo analowa m'nyumba n'kukakhuthula chikwama chija pamphasa. Sabata yotsatira Sungeni anaitanidwa dzina m'kalasi, ndipo anavomera.

Koma kuseri kwa chigayo kunatsala mwambo umodzi. Chilombo chatsopano chikayankhula koyamba m'nkhani, chimadzisankhira dzina lachinsinsi, n'kulinong'oneza m'khutu la munthu mmodzi yekha, amene wachibweretsa kumoyo. Ameneyo amakhala phungu wake, woima nacho pa mlandu uliwonse ndi pa nkhondo iliyonse mpaka masewera adzathe. Dzinalo silinenedwa kawiri.

Sungeni anabwera nalo dzina lili mkamwa, ndipo anapeza atatuwo ayamba kale kukangana.

“Popanda khungu langa, bwenzi mpaka lero ali pa njerwa apo ngati thumba,” anatero Yotamu. “Tauni yonse inkamuopa. Ine ndekha ndinayankhula naye ngati munthu.”

“Unayankhula chifukwa cha umbuli,” anatero Fatsileni. “Wakhungu akaponda njoka n'kuipha, timuyesa mlenje? Ine ndinadziwa bala lili pati, ndipo ndinakonza njira yoti mawu atulukire.”

“Njira yako anaiyenda ndani?” anafunsa Yotamu. “Belu linapita, nsapato yanga inapita, iye ali chete. Unangotchera mwana wa eni msampha n'kukhala pansi.”

“Nanga iwe sunena kanthu?” Fatsileni anacheukira Lekani.

Lekani anali atakhala pamalo ake a masiku onse, koma patsogolo pake panalibe chilombo choti asewere. “Inu munapereka mawu,” anatero. “Mawu mudakali nawo ambiri. Ine ndinali ndi Nyenyeswa mmodzi.”

“Chiswe cha m'mutu mwako,” anatero Yotamu. “Ndipo unamuonetsa mwanayu madzi kachiwiri, osamufunsa. Akanakomoka bwenzi ukuti chiyani?”



Sungeni anawayang'ana mmodzimmodzi, nsidze zawo zitayera ndi ufa. Woyamba anamutsegulira khomo asakudziwa kuti ndi khomo. Wachiwiri anadziwa zonse nakonza mankhwala, koma mankhwalawo paokha sanagwire. Wachitatu anataya chimene ankachikonda, koma anamupweteka kuti amuchize, ndipo akanaima pati popanda khungu ndi mphamvu za anzakewo? Dzina linali limodzi, ndipo khutu loti lilimve linayenera kukhala limodzi.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangoti onse anachita bwino, chifukwa zimenezo Sungeni akuzidziwa kale ndipo sizikumuthandiza. Aweramire kwa ndani: kwa Yotamu, kwa Fatsileni, kapena kwa Lekani?