Denga la Nkhokwe ya Nungu

Padangotero, ana inu, kale nyama zinkaweruzana zokha. Khalani pansi, iwe usiye kutokosa mnzako.

M'nkhalangomo munali malamulo awiri. Za pamsika ankaweruza Njati: katundu akakhala woipa, umbweze monga unamgulira, ulandire zako. Za ganyu ankaweruza Fulu: ntchito ikalakwika, woigwirayo aibwereze yekha.

Tsono Nungu anapangana ndi Nantchengwa, mbalame yomanga zisa zikuluzikulu ija, kuti abwere ndi udzu afolere nkhokwe yake. Anampatsa dengu la matemba. Mvula yoyamba itangogwa, denga lija tho! tho! tho! pachimanga. Mtima wa Nungu unawawa, poti chakudya cha ana ake chonse chinali mmenemo.

Anapita kwa Fulu. Nantchengwa anati iye anangogulitsa udzu, kufolerako kunali kuthandiza chabe. Fulu anati za malonda nza Njati.

Anapita kwa Njati. Nantchengwa anati iye sanagulitse kanthu, anagwira ganyu basi. Njati anati za ganyu nza Fulu.

Uku abwezedwa, uko abwezedwa, chimanga chili kununkha chuku. Mukuganiza mlanduwu unali wa yani, ana inu? Udzu ulipo, ntchito iliponso. Nanenso ndikanazunguzika.

Nungu anaitanira oweruza onse awiri pankhokwe pomwepo. Fulu anazungulira pang'onopang'ono, akuyang'ana denga, akuyang'ananso dambo lodzaza udzu kuseri kwa nyumba. Anafunsa ngati wongofuna kudziwa:

"Koma a Nantchengwa, ine chandidabwitsa. Udzu suwu uli mbwee, waulere? Dengu lonse la matemba, mayi Nunguwa ankagula chiyani?"

Nantchengwa, kunyada kuja, anatukula chifuwa.

"Udzu nchiyani? Udzu ngakhale mbewa imamweta. Anafuna luso langa! Ndani m'nkhalango muno amamanga ngati ine?"

Njati anaseka mpaka misozi. Anati ngati chachikulu chinali luso, iye mlanduwu sukumkhudza, ndipo ananyamuka. Fulu analamula kuti denga lifoleredwenso dzuwa lisanalowe.

Udzu wa kudambo unali wauwisi, wouma unali pachisa cha Nantchengwa pokha. Nantchengwa anasasula chisa chake chomwe ankachitama chija, nafolera nkhokwe ya Nungu. Mvula itabweranso, chimanga chinali pouma, Nantchengwa ali zyoli pamtengo, madzi ali chuchuchu m'nthenga.

Nthano yanga yathera pamenepo. Pangano likasakaniza katundu ndi ntchito, funsani chachikulu chimene munthu anadzera, lamulo lake ndi lomwelo.