Sangweji ya Elube ndi Dzina la Mwana

Kalekale, koma osati kale la mauta ndi mivi ayi, kale lija buledi ankalowa m'mudzi pa Khirisimasi pokha, kufupi ndi Bembeke kunali mayi wina dzina lake Elube. Chaka chimenecho Khirisimasi inamupeza ali ndi pathupi pake poyamba, ndipo pathupipo panabwera ndi mseru wosaneneka. Phala ayi, mbatata ayi, ngakhale fungo la anyezi wa kwa aneba linkamuthamangitsira kuseri kwa nyumba. Anaonda mpaka mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Anamwino a kusikelo anamuuza mosapsatira mawu kuti akapanda kudya, mwanayo sakhala.

M'mawa wa Khirisimasi mudzi wonse unkanunkhira mpunga ndi nkhuku, koma Elube anagona pamphasa pakhonde atatseka mphuno ndi chitenje. Pambali pake panaima anthu atatu atasowa chogwira: mwamuna wake Lufeyo, mchimwene wake Malizani, ndi mlamu wake Dolika, mlongo wa Lufeyo, amene anabwera kudzadya nawo chikondwerero.

"Mayi, tangotchulani chimene mtima wanu ukufuna," anachonderera Lufeyo.

"Sangweji," anayankha Elube chapansipansi.

Atatuwo anayang'anana. Malizani anafunsa ngati amenewo anali mankhwala a kuchipatala.

"Ayi achimwene, ndi chakudya. Ndinadyapo kamodzi paukwati ku Lilongwe. Buledi pansi, buledi pamwamba, pakati chofiira, chobiriwira ndi chachikasu, kukongola ngati chitenje chatsopano. Amene andidyetse chimenecho lero, ndiye adzatche mwanayu dzina. Ndalumbira."

Inu mukudziwa kuti kutcha dzina mwana woyamba si nkhani yamasewera. Koma wanjala sayeza mawu, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Lufeyo anakwera njinga osamanga n'komwe malamba a nsapato. Pagolosale ya m'mudzi anapeza buledi atatha kalekale. Anapalasa mpaka kumsika wa pamsewu, mvula ikumumenya kumaso, nako kunatsala fungo lokha. Pobwerera, mtima uli zii, anakumana ndi mayi wina wa mudzi woyandikana atanyamula buledi wathunthu m'jumbo. Lufeyo anagwada m'matope momwemo. Mayiyo anakana, kenaka anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Tambala wanu wofiira uja amene amatidzutsa ife kuno, mukandipatsa ameneyo, buledi ndi wanu." Tambalayo Lufeyo ankamusungira tsiku lomwelo, ndipo ankamupatsa chimanga ndi dzanja ngati mwana. Anakamugwira kunyumba n'kumupereka misozi ili m'maso. Banja lonse linadya Khirisimasi ya mpunga wa nyemba.

Malizani anali ndi dimba kutsidya kwa mtsinje. Ankalimako tomato, karoti ndi letesi, zogulitsa kwa eni magalimoto pamsewu. Letesiyo iye sanamulawepo chibadwire, ankati ndi udzu wa anthu a m'tauni. Atafika pamtsinje anapeza madzi atasefukira, kamlatho kamitengo katapita. Munthuyu sankadziwa kusambira, komanso anali atavala suti yake imodzi yokhayo ya kutchalitchi. Anaivula, anaipachika pamtengo, n'kulowa m'madzi ofika m'khwapa akuitana oyera onse a kumwamba mayina awo. Pobwerera anasenza dengu lodzaza tho, poti anali munthu wokonda kuonekera, ndipo pamwamba anawonjezapo mapeyala. Madzi anamugwetsa kamodzi, nsapato yatsopano ya kumanzere inapita, koma dengu sanalitaye.

Apa ndi pamene amuna awiriwa anadzionongera mbiri. Poopa kugawana ulemu ndi Dolika, analanda khitchini.

"Alamu, mlongo wanga si mbuzi kuti adye masamba osaphika," anatero Malizani.

"Zoona alamu," anavomereza Lufeyo. "Tithire mafuta ambiri, lero ndi Khirisimasi."

Anakazinga letesi, tomato ndi anyezi mpaka zonse zinasanduka ndiwo zabulauni. Anabenthula buledi pakati ndi manja, anakumba dzenje m'chibenthu chimodzi, n'kuthiramo ndiwozo zikutuluka nthunzi. Anapita nazo pakhonde akumwetulira. Elube atangomva fungo anadzambatuka ulendo wa kuseri kwa nyumba, ndipo atabwerako anayamba kulira ngati mwana.

Nthawi yonseyi Dolika anangokhala pampando akuseka, akuti zonsezi ndi matama a pathupi poyamba. Koma ataona misozi ya mlamu wake, chisoni chinamugwira zenizeni. Anatenga mphasa n'kukaiyala patsinde pa mtengo wa mango, kutali ndi utsi, namukhazika Elube pamenepo.

"Alamu, chimene munadya ku Lilongwecho chinali chotentha kapena chozizira?"

"Chozizira. Chinkamveka kukutukukutu m'kamwa."

Funso limeneli amuna aja sanaliganizireko. Dolika anatsuka masamba otsala ndi madzi owiritsa atazizira, ananola mpeni pamwala, n'kudula buledi wotsala uja mopyapyala. M'malo mwa majalini anakanya peyala ndi mchere ndi madzi a ndimu, n'kupaka. Anayalapo letesi, tomato wofiira psu, ndi karoti wopalapala. Chinatsala ndi chachikasu. Pamudzipo amayi akuluakulu ankaletsa woyembekezera kudya mazira, ati mwana amabadwa wopanda tsitsi. Dolika anayang'ana uku ndi uku, anaphika dzira kuseri kwa nkhokwe, n'kulibisa pansi pa letesi.

Elube ananunkhiza kaye. Analuma pang'ono, onse atagwira mpweya. Analumanso. Mbale itayera anakweza maso n'kufunsa kuti, "Yatha?"

Kunali nthungululu! Malizani anavina ndi nsapato imodzi, Lufeyo anaiwala za tambala, ndipo nyemba zija zinakoma ngati nyama. Kuyambira tsiku limenelo kukhosi kwa Elube kunatseguka, thupi linabwerera. M'nyengo yozizira anabereka mwana wamkazi wonenepa bwino, wamawu amphamvu, koma mutu uli see ngati chipanda.

Mayi ndi mwana ali m'chikuta, kudikira kuti mchombo ugwe, atatu aja anafika pakhomo aliyense ndi dzina lake m'kamwa.

Lufeyo anati, "Popanda buledi mukanayala masamba anuwo pa chiyani? Tambala wanga anadyedwa ndi anthu ena ine ndikumva fungo. Mwanayu akhale Enelesi, dzina la malemu amayi anga, limene ndakhala ndikulisunga mumtima."

Malizani anati, "Inu alamu munataya nkhuku, ine ndinatsala pang'ono kutaya moyo. Buledi wouma yekha mlongo wanga akanamudya? Ndine malume ake, ndipo mwanayu ndi Tawoloka."

Dolika anati, "Nonse awiri munabweretsa zabwino n'kuziononga. Ndikanapanda ine, tambala ndi nsapato zikanapita pachabe. Mulungu sanandipatse mwana, ndipo mukudziwa mmene zimandipwetekera. Uyu atenge dzina langa, akhale Dolika."

"Inu munangokhala pamthunzi n'kumaseka," anamubweza Malizani. "Ndipo za dzira lija tinamva. Taonani mutu wa mwanayu!"

"Musanayang'ane mutu wa mwana, tayang'anani wa bambo ake," anatero Dolika. Lufeyo, amene dazi linamuyamba akadali mnyamata, anavala chipewa mwakachetechete.

Ena anati angomupatsa mayina onse atatu, koma atatuwo anakana. Ati mwana akamatumidwa kumadzi amaitanidwa ndi dzina limodzi, enawo amangogona m'kabati. Anafunsa Elube, iye n'kuseka mpaka misozi. "Ine ndinadya chinthu chimodzi, osati zitatu. Ndikatchula amuna anga, achimwene akwiya. Ndikatchula achimwene, alamu alira. Ndikatchula alamu, m'nyumba muno mukhala chete mpaka Khirisimasi ina."

Madzulo a tsiku lomwelo mchombo unagwa. M'mawa mwake mwana anayenera kutuluka m'chikuta, amayi a pamudzi atasonkhana, ndipo sakanatuluka wopanda dzina.

Ine mlanduwu wandikanika, ndautula m'manja mwanu. Lufeyo anapereka chimene ankachikonda, Malizani anaika moyo pachiswe, koma awiriwa anamusanzitsa Elube. Dolika sanatuluke thukuta ndipo anaswa mwambo mobisa, koma ndi m'manja mwake mmene chakudya chinatsikira kukhosi. Tsono tandiuzani inu, mwanayu potuluka pakhomo paja amuitane ndani: Enelesi, Tawoloka kapena Dolika?