Zapita, Koma Zafika?

Panali mayi wina, mlembi pa sukulu ina yophunzitsa anamwino. Ntchito yake inali kutumiza makalata kwa amene asankhidwa kudzaphunzira. Kale ankachita kumata sitampa. Chaka china sukulu inaika makina a pa intaneti: ukadina kamodzi, maimelo onse amanyamuka okha, pakompyuta n'kulembeka kuti zapita.

Mayiyu anali ndi khalidwe lina lotopetsa. Akakweza mlendo minibasi ankamuuza kuti, "Mukafika mundifulashe," ndipo foni ikapanda kulira ankaimba yekha. Anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzafunsa ndi nkhuku zomwe ngati zafika m'khola. Khalidwe lomweli analowa nalo muofesi. Pansi pa maina makumi anayi a osankhidwa, anaikapo adiresi ya imelo yake.

Lolemba anadina, kompyuta inati zapita. Kalatayo inkati aliyense ayankhe pofika Lachisanu, apo ayi malo ake apita kwa wina.

Anadikira kalata yake, koma sinabwere. Lachiwiri, zii. Ndiye anakagogoda kwa mkulu wa sukulu.

"Bwana, kalata yanga sinafike."

"Nanga inu mayi, mwasankhidwanso unamwino?" anaseka bwanayo. "Taonani apa, akuti zapita."

"Zapita, bwana, sindikukana. Koma zafika?"

Bwanayo anati ana a masiku ano ndi amphwayi, amene sayankha ndiye kuti malo sakuwafuna, ndipo ofuna malo ndi ambiri. Sanali munthu woipa ayi. Anangokhulupirira zimene maso ake anaona.

Mayiyo anabwerera pampando wake n'kuyamba kufufuza mu imelo yake. Kalata ija anaipeza kumene makina amataya makalata amene akuwaganizira kuti ndi achinyengo, kumalo kumene munthu sasuzumirako. Ngati yake inagwera kumeneko, nanga za ana a eni?

Anatulutsa mafomu onse makumi anayi m'kabati, n'kuyamba kuimba foni mmodzimmodzi. Mafoni ena anali ozima. Anaimbira malume, mkulu wa mpingo, mwini golosale, aliyense amene nambala yake inalembedwa pafomu. Masiku awiri athunthu sanapite kokadya masana.

Fomu yomaliza inali ya mtsikana wa ku Neno. Iyeyu anali atakwera phiri kangapo kukasaka netiweki, osapeza kanthu mu imelo yake, mpaka anataya mtima. Anali atavomera kale kuti Loweruka apita m'tauni kukalera ana a munthu wina. Nambala inali ya mlongo wake. Inalira kasanu osayankhidwa, mayiyo n'kuimbanso kachisanu ndi chimodzi. Mlongoyo anathamanga nayo foni mpaka kumunda, kumene mtsikanayo ankathyola nandolo.

"Ndinu Tiyanjane? Mwasankhidwatu, mwanangu. Kodi malo mukuwafuna?"

Mtsikanayo anangokhala pansi pamzere, dengu lili pamutu.

"Ndiyankheni, ndimve ndi khutu langa," anatero mayiyo.

Mtsikana ameneyo ndine, amene ndakuphunzitsani unamwino zaka zitatu izi. Mayi aja anapuma ntchito kalekale, koma sindivala yunifolomu iyi osawakumbukira. Ndimawathokoza, ndipo sindidzamaliza.

Tsono inu, mawa mukulowa m'mawodi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mudzauza agogo kamwedwe ka mankhwala, iwo adzati "Chabwino, anesi," chifukwa cha ulemu, asanamve kanthu. Musafulumire kupita pabedi lina. Khalani pansi, muwapemphe abwereze zimene mwanena. Mudzatopa nazo, anzanu adzakusekani, koma agogowo adzabwerera kwawo akuyenda okha.