Mzere Womaliza wa Nyerere

Nyerere ndi Khwangwala anayambana chifukwa cha nambala. Madzi anali atayamba kulowa m'dzenje la Mai Nyerere, ndipo banja lonse linayenera kusamukira kumtunda mvula ina isanagwe. Koma nyerere za m'dzenjemo zinali ndi mwambo wake: posamuka zimayenda zitatuzitatu, wamkulu patsogolo, ndipo wosowa mzere amatsala. Mai amanyamulidwa kutsogolo kwenikweni, osaona za kumbuyo.

Kumbuyoko kunali ana ake awiri omaliza, Ndaziona wotsimphina ndi Mwatitha wosaona bwino. Mai Nyerere ankawerenga dzira lililonse lomwe anaikira, choncho analemba pamchenga: 41,302,013,102. Ankafuna kudziwa asananyamuke ngati ana onsewo akwanire m'mizere.

Anafunsa Khwangwala, amene ankadya zotsala kuseri kwa sukulu ya ukachenjede n'kumadzitcha dokotala. Khwangwala anayang'ana nambalayo ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo.

"Mai, iyi si nambala ya anthu akumudzi," anatero. "Imafuna makina. Nyamukani basi, otsala adzadziwika okha."

"Otsalawo ndi ana anga, bambo."

"Muli nawo ambiri," anatero Khwangwala, n'kuyamba kukonza kolala yake yoyera. Ophunzira ambiri ndi otero, kolala yokha.

Pamwala panali Buluzi. Iyeyu anakhalapo pakhoma la Sitandade 6 mpaka tsiku lomwe anamupirikitsa ndi tsache, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Anatsika pang'onopang'ono.

"Achemwali, musaope kutalika kwake," anatero. "Tingophatikiza manambala ake limodzilimodzi. Zomwe zitsale tikagawa yankholo patatu, ndi zomwenso zimatsala pa nambala yonseyo."

Anaphatikiza akuloza ndi mchira, ndipo anapeza 17. Anachotsa zitatuzitatu kasanu. Panatsala ziwiri.

Mai Nyerere anadziwa kuti awiriwo ndi ati. Ndaziona anamva, n'kukokera Mwatitha pafupi. "Musadandaule amayi," anatero. "Ine ndizimuonera njira, iye azindichirikiza. Tikwera pa udzu, mwina madzi sadzafikapo."

Buluzi anakanda pakhosi. "Kodi achemwali, pa nambalayi inuyo mulipo?"

"Ine? Ndani amawerenga mai?"

"Ndiye ziwiri kuphatikiza imodzi ndi zingati?"

Mai Nyerere anauza omunyamula kuti amutule. Khwangwala anati mfumukazi siyenda pansi, ndipo palibe buku lomwe linalembapo zotere. Mai anadutsa mizere yonse mpaka kumapeto, naima pakati pa ana ake awiri.

Anafika kumtunda mochedwa, matope m'miyendo, mvula ikuwaza kale. Ndaziona anatsamira mbali iyi, Mwatitha mbali iyo. Kudzenje lakale kunatsala madzi okha.

Phunziro: Nambala ingatalike bwanji, imamvera lamulo lomwelo la ku pulayimale, choncho usanyoze amene anathera Sitandade 6. Ndipo ana ako akasowa wachitatu, yamba wadziwerenga wekha.