Chithunzi cha Pageti la Sukulu

Panali munthu wina amene banja lake linatha mwana wawo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anali wamkazi, dzina lake Tamanda, ndipo anabadwa ndi khungu lachialubino. Chimene chinathetsa banjalo sichinali mwana. Anthu awiriwo anangotopetsana. Koma anthu a m'dera lawo anapeka nkhani yawoyawo, nati bamboyo wathawa mwana woyera.

Mawu amenewa anamupweteka kwambiri, chifukwa anali abodza. Iye ndiye ankagulira mwanayo zipewa ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Iye ndiye ankapita naye kuchipatala cha maso.

Tsiku lolekana, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi. Anagwirizana kuti mwana azikhala ndi mayi ake, ndipo bambo azikamuona kumapeto kwa mwezi uliwonse. Mayiyo anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Ndikusamukira kwa achemwali anga, ndipo mwana ndamupezera sukulu komweko. Inu bambo a Tamanda ndikuuzani malowo, poti ndinu bambo ake. Koma zithunzi zake musaziike pa intaneti. Mukudziwa zimene anthu ena amafuna kwa ana ngati ameneyu."

Bamboyo anavomera pamaso pa ankhoswe. Koma mumtima mwake anati, mayi ameneyu akuchita manyazi ndi mwana wake, ndipo akufuna kuti manyaziwo tigawane.

Kwa miyezi ingapo anasunga pangano. Zithunzi ankajambula ndithu, koma zinkakhala m'foni mwake.

Tsiku lina anapita ku ukwati wa m'bale wake. Ali pa chakudya, msuweni wake anayankhula mokweza kuti onse amve.

"Asuweni, patsamba lanu lija timaona galimoto, timaona mbuzi, timaona ndi nsapato zatsopano zomwe. Nanga mwana uja munamusiya kuti? Kapena foni yanu sijambula anthu oyera?"

Anthu anaseka. 

Mwezi umenewo bamboyo sanadikire tsiku lake. Anapita Lachisanu, nalunjika kusukulu ana akuweruka. Anaimika Tamanda pageti, pansi pa chikwangwani cholembedwa dzina la sukuluyo, atavala yunifolomu yake, namujambula. Chithunzicho anachiika patsamba lake la pa intaneti, nalemba pansi pake kuti: "Uyu ndi mwana wanga, magazi anga. Ndilibe naye manyazi. Ndabwera kudzamutenga poweruka."

Anthu anamuyamikira. Ena anati ndi bambo wachitsanzo. Ambiri anatumiza chithunzicho kwa anzawo, anzawowo natumizanso kwa ena. Msuweni uja analemba kuti wagonja.

Madzulo ake mayi a Tamanda anaimba foni.

"Chotsani chithunzi chija, chonde."

"Mukufuna ndimubise ngati mlandu? Inu bisani. Ine ayi."

"Sindikubisa mwana, bambo a Tamanda. Ndikubisa njira yofikira kwa iye."

Bamboyo anadula foni. Mkwiyo utaphwa anachichotsa ndithu chithunzicho patsamba lake, koma chinali chitafika kale m'mafoni a anthu amene iye sanawaonepo.

Sipanapite nthawi, mphunzitsi wamkulu anaitanitsa mayiyo. Anamuuza kuti pageti panabwera munthu wachilendo. Munthuyo anaonetsa chithunzi chija kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, nati iye ndi malume a mwanayo, ndipo anafunsa njira imene mwanayo amadzera popita kunyumba. Amayiwo ankawadziwa malume ake enieni. Sanali iwo.

Palibe amene akudziwa kuti munthuyo anali yani, kapena ankafunanji. Mayiyo sanadikire kuti adziwe. Mlungu womwewo anachotsa mwana pasukulupo, nasamuka naye. Tamanda anasiya anzake, anasiyanso mphunzitsi amene ankamukhazika kutsogolo kuti aziona bwino pabolodi.

Mwezi utatha, bamboyo anafika pakhomo paja napeza mlamu wake yekha.

"Mwana ali bwino, alamu. Koma kumene ali sindikuuzani."

Bamboyo anathamangira kwa nkhoswe yake kukadandaula kuti pangano laphwanyidwa, kuti akumumana mwana wake. Nkhosweyo inamumvetsera mpaka anatsiriza, kenako inafunsa:

"Tsiku lija, kumene mwana ankaphunzira mayi ake anauza anthu angati?"

"Ine ndekha."

"Nanga lero akudziwa angati?"

Bamboyo anawerama.

Mwana wake amamuonabe. Malume ake amabwera naye kunyumba ya nkhoswe, bamboyo nacheza naye pakhonde, dzuwa likapendeka malumewo nkubwerera naye. Koma dzina la sukulu ya mwana wake salidziwa. Mphunzitsi wake samudziwa. Akafunsa kuti, "Kusukulu kukuyenda bwanji?" Tamanda amayamba wayang'ana malume ake asanayankhe.

Inu amene mukundimva, mlandu wa munthu ameneyu tiuweruze mwadongosolo, pakuti ndatopa kumva anthu akumuikira kumbuyo. Kodi ananama? Ayi, mwanayo ndi wake. Kodi ankamuda? Ayi, ankamukonda. Kodi msuweni uja anamulakwira? Inde, anamulakwira kwambiri. Zonsezi ndikuvomereza, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chikumupulumutsa. Chitonzo chinagwera iye, koma anatenga nkhope ya mwana, yunifolomu yake ndi nthawi yake yoweruka, nazipereka kuti ayeretse dzina lake. Mwanayo sanafunsidwe. Munthu yekhayo amene anaona ngozi anali mkazi amene iye anasiya kumumvera, ndipo anakana chenjezo chifukwa cha pakamwa pamene linachokera.

Musanene kuti mwana wanu alibe adani otere. Inu simudziwa amene akuona. Ngati munalekana, ndipo mnzanuyo wakupemphani kuti chithunzi cha mwana chisatuluke, musayambe mwafunsa kuti akufuna kukuchotserani chiyani. Funsani chimene iye akuopa. Ndipo ngati pali anthu ofunika kuwatsimikizira kuti ndinu kholo, atsimikizireni ndi nkhope yanu. Ya mwana musaigwiritse ntchito imeneyo.