Tsiku limene Mvuu anatseka pakamwa

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukuwodzera kumbuyoko, nyama zinkasewera dzaye padambo. Wina ankaponya dzaye, wina n'kulimenya ndi chibonga, n'kuthamanga kuzungulira zitsa zinayi. Dzaye likawakhidwa lisanagwe pansi, womenyayo watuluka.

Woyimbira masewerawa anali Birimankhwe, poti maso ake amaona kuno ndi uko nthawi imodzi. Koma Mvuu ankamusowetsa mtendere. Akati watuluka, Mvuu ankatsutsa. Akati dikira, Mvuu ankatsutsa. Kukamwa yasaa, mpaka kawoyimbirako kankasintha mtundu ndi mantha.

Tsiku lina magulu awiri anapikisana polimbirana mulu wa maungu. Gulu la Gologolo linali patsogolo pang'ono, ndipo womenya womaliza wa gulu linalo anali Mvuu.

Gologolo anaponya. Mvuu anamenya, phaa! Dzaye linakwera m'mwamba kuloza dzuwa, nyama zonse maso thobwa. Pamene zimaphethira, dzaye kulibe. Mvuu anangoloza kutsidya kwa mtsinje, nayamba kuzungulira zitsa, didididi, mpaka anafika.

"Lapita kutali bwanji, achimwene?" anafunsa Birimankhwe.

Mvuu anangogwedeza mutu.

"Maunguwa mudya nokha kapena mugawira anzanu?"

Mvuu anadziloza pamimba, kukamwa kuli tsekee.

Birimankhwe anadabwa. Diso limodzi linayang'ana kumtsinje, madzi ali zii. Lina linayang'ana tsaya la Mvuu, tsaya lili tumbaa. Kodi mkulu amene amakangana ngakhale ndi mphepo, lero wasowa mawu chifukwa chiyani? Kumukanula pakamwa sakanatha. Kumunena kuti waba, akanapondedwa.

Anayenda pang'onopang'ono, mwendo kutsogolo, mwendo kubwerera, nanong'oneza Gologolo kuti aime pansi pa chibwano cha Mvuu. Kenako Birimankhweyo anakwera pachitsa.

"Tamverani nonse. A Mvuu amenya bwino, koma chitsa chachiwiri sanachiponde. Maungu ndi a Gologolo."

Linali bodza, pakuti chitsacho Mvuu anachiponda mpaka kuchizika m'nthaka. Anatupa. Anafwenthera. Anapondaponda pansi.

"Ngati palibe wotsutsa, mlandu watha," anatero Birimankhwe, akuyang'ana kumbali.

"Iwe kanthu kamaso otuzuka, chitsacho ndina..."

Dzaye linatumphuka m'kamwa, bulumutu, n'kugwera m'manja mwa Gologolo lisanakhudze dothi.

"Pepani achimwene, ndinalakwitsa," anatero Birimankhwe. "Chitsa munachipondadi. Koma dzaye lawakhidwa lisanagwe. Mwatuluka."

Mvuu anayasamula kuti atsutse, koma mawu sanabwere. Nyama zinaseka mpaka kugubuduka, iye anathawira mumtsinje ndi manyazi. Mpaka lero mukamuona akuyasamula m'madzimo, akufunabe choti ayankhe.

Nthano yanga yagwera pompa, aliyense atole yake. Koma mukaona wolongolola wakhala chete, musafulumire kuyamika ulemu wake. Yambani mwayang'ana tsaya.