Denga la a Zakeyu

A Zakeyu, kapitawo wa othyola tiyi, anakhoma malata atsopano panyumba yawo ku Nsabwe chaka cha 1999. Anzawo ankasanja miyala padenga kuopa mphepo, koma iwo ankati miyala padenga ndi kulengeza umphawi kwa odutsa m'njira.

Pa esiteti panali kalaliki wochokera ku Rumphi, dzina lake Reginald, amene ankayeza mvula m'kabotolo kuseri kwa fakitale. Anthu a muofesi sachedwa kunama, zimenezo n'zodziwika, koma uyu anawatsatira a Zakeyu mpaka pasikelo ya masamba. Anawauza kuti a zanyengo aona kuti mphepo ya kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, yafatsa chaka chimenecho. Ikafatsa chotero, anamondwe a kunyanja yamchere amakula popanda chowadula mutu, ndipo ena akalowa ku Mozambiki mchira wawo umakwapula kuno. Anawalangiza kumanga denga ndi waya.

"Achimwene, kumwambako munapitako liti?" anafunsa a Zakeyu. "Inu ziyezani mvula yanu ya m'botolo."

Akazi awo, a Lestina, anakagula waya okha ku Makwasa. Bambowo anautenga n'kumangira khola la mbuzi.

Loweruka lina masana, chimanga chitamasula, kum'mawa kunada bii. Mphepo inabwera ikulira ngati lole yokwera chitunda. Denga lonse linanyamuka ndi mitengo yake yomwe n'kukatera m'munda wa nthochi. Palibe anavulala, ndipo khola la mbuzi silinagwedezeke n'komwe.

Tsono a Zakeyu anali mkamwini pamudzipo, ndipo nyumba youma yapafupi inali ya apongozi awo aakazi, amene mwamwambo ankapatukirana nawo ngakhale panjira. Kumeneko ndiko anakabisala mvula, akudya atayang'ana kukhoma. Apongoziwo sakanatha kuwalankhula mwachindunji, choncho ankalankhula ndi nkhuku.

"Iwe nkhuku, mbuzi zadzuka bwanji m'nyumba yawo yolimba ija?"

Mudzi wonse unagwira nthiti, a Lestina omwe.

Mvula itakata, a Zakeyu anawongola malata aja ndi hamala. Reginald anabwera yekha panjinga osaitanidwa, n'kukwera padenga kukathandiza kukoka waya, osakumbutsa kanthu. Pofika madzulo mlendo wa ku Rumphi uja ankadya mbale imodzi ndi mwini nyumba. Akulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.